Madiresi a Januwale

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinazindikira kuti kwathu Khirisimasi inkagulidwa mu Januwale. Anthu ena onse a ku Kalingalinga, komboni yathu ya mu Lusaka, ankathamangira m'tauni mu Disembala, kukakankhana m'masitolo, n'kubwerako miyendo ili matope okhaokha, mapulasitiki odzaza ali m'manja. Amayi anga ankangowayang'ana akudutsa, manja ali m'beseni la zochapa. Ankati wogula mu Disembala amalipirira ndi nyimbo zomwe za m'sitolo. Iwo ankadikira kuti chaka chitembenuke, amwenye a ku Kamwala atope nawo madiresi otsala, awatulutse pakhonde n'kuwatsitsa mtengo. Pamenepo m'pamene ankavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kundiuza kuti ndisambe, tikupita kukagula Khirisimasi.

Tinkakhala awiriwiri m'chipinda chimodzi, kuseri kwa nyumba ya Bana Mwila, mayi wachibemba amene tinkachita lendi kwa iye. Atate anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankanyamula matumba kumafakitale, ndipo sanatisiyire kanthu kupatula mbaula, wailesi yakufa ndi sutikesi yaikulu yabulauni. Maliro atatha, amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anabwerera ku Katete ndi mng'ono wanga Tionge, amene anali ndi zaka zinayi. Panalibe mkangano uliwonse. Amayi analibe ntchito, ndipo ana awiri akanawalemera. Anagwirizana kuti amayi akadzakhazikika adzamutenga mwana wawo. Koma kukhazikikako amayi anakumva mwa njira yawoyawo: zipinda ziwiri, bedi la ana, ndi malo kusukulu. Anatsimikiza mumtima kuti Tionge sadzabwera mu Lusaka kudzagona pansi pafupi ndi makala.

Ntchito imene anaipeza inali yochapira ophunzira a kuyunivesite. Ankachoka m'mawa, ine n'kutsala ndi kiyi pachingwe m'khosi. Ndikaweruka kusukulu ndinkatsegula chitseko, kudya mkute, kenako kukhala pakhomo kumamvetsera mawailesi a anthu ena. Mwana wokhala yekha amapeza wolankhula naye, ndipo ine ndinkalankhula ndi Tionge. Ndinkamusiyira mbali ya mphasa. Ndinkamukalipira kuti wataya madzi, chikhalirecho wataya ndine. M'mutu mwangamo iye sankakula ayi, anali kamwana komwe kaja koyamwa chala, konditsatira mpaka kumpopi.

Amayi anali m'chilimba ndi azimayi anzawo, kusonkherana ndalama mwezi ndi mwezi, uno alandire uyu, wamawa alandire wina. Azimayiwo ankalimbirana Disembala mpaka kufuna kung'ambirana zitenje. Amayi ankangoti iwo awapatse Januwale. Ndalamayo ikabwera, ina ankagulira zovala zotsika mtengozo, yotsalayo ankaisunga kuti ndi ya chipinda chachiwiri. Ngakhale ulendo wa ku Katete ankauzengereza pa chifukwa chomwecho. Mu Disembala ankati mabasi akwera mtengo, ndipo mu Januwale ophunzira anali atabwerako ndi zovala zawo zakuda, ntchito yachuluka. Ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya kudekha amayi anga akanatha kuphunzitsa nkhono yomweyo.

Kamwala wa mu Januwale anali wozizira ndi wamatope. Nyenyezi zamapepala zinali zikulendewerabe pamazenera, zina zitasuluka ndi mvula. Pamakonde panali milu ya madiresi a ana, okhala ndi maluwa ndi malesi, amene milungu iwiri yapitayo ankapachikidwa m'mwamba kuti asakhudzidwe ndi manja a anthu ngati ife. Anyamata a m'masitolo ankaitanira mwaulesi kuti, "Vachipa, ba mami, vachipa, bwelani muone." Amayi sankathamangira. Ankatembenuza diresi, kuyang'ana msoko wake, kukoka zipi, kulinunkhiza, kenako kulibweza pamulu ngati lawanyansa. Mnyamatayo akatsitsanso mtengo m'pamene ankanditembenukira.

"Imilila bwino, Naomi. Tambasula manja."

Kugula diresi mu Januwale loti mwana adzavale mu Disembala kumafuna diso, chifukwa ukugulira thupi limene silinafike. Langa linali losavuta. Ankasankha lalikulu, lofika pansi pa mawondo, lokhwefuka m'mapewa, podziwa kuti ndidzakuliramo. La Tionge ndiye linali ndi masamu ake. Popeza anali wamng'ono kwa ine ndi zaka ziwiri, amayi ankandiveka diresi lothina pamwamba pa malaya anga, pakhonde pomwepo, anthu akudutsa.

"Yakugwila mu kwapa?"

"Yanigwila, amama."

"Ninshi Tionge izamukwana."

Ndikukumbukira mmene ankandiyang'anira ndikavala diresi la Tionge. Ankabwerera m'mbuyo pang'ono, mutu atapendeketsa, nkhope itafewa. Kuyang'ana koteroko sindinkakuona masiku ena onse, pamene maso awo ankakhala pa zochapa kapena pa mbaula. Ndinkadziwa kuti sakuyang'ana ine, komabe ndinkachedwa dala kulivula.

Tikafika kunyumba madiresiwo ankapindidwa n'kuikidwa m'sutikesi ya atate pamodzi ndi timibulu toyera tothamangitsa njenjete. Ankakhala mmenemo chaka chonse. Amayi akapita kuntchito ndinkakoka sutikesiyo, kuitsegula, kusisita langa ndi chikhatho, osalitulutsa poopa kusokoneza mapindidwe awo. Kudikira kwa mwana n'kowawa kuposa kwa munthu wamkulu, pakuti mwana saona mathero a chaka.

Khirisimasi ikafika, ana onse a mu komboni ankavala zatsopano n'kumayendayenda m'magulu kudzionetsa, kuchoka kumsika mpaka kumsewu waukulu. Nanenso ndinkavala langa. Koma ana a m'tauni ali ndi maso, ndipo pakamwa pawo palibe chitseko. "Iyo dilesi ni ya chaka chatha," ankatero. "Naomi avala Khisimisi yakudala. Inunkha na mankhwala ya makoswe." Sankanama kwenikweni. Chaka chimene anzanga ankavala zamalesi ine ndinali m'zamaluwa, ndipo pamene ine ndinkafika pa malesi iwo anali atasamukira ku majini. Ndinkayenda kumbuyo kwa gulu, kenako n'kupatukira kwathu. Ndinkadzitonthoza kuti Tionge akadzabwera tidzakhala awiri onunkha mofanana, ndipo sindidzafunanso gulu la munthu.

Koma Disembala aliyense Tionge sankabwera, chifukwa chipinda chachiwiri chinali chisanapezeke. Diresi lake linkatsala m'sutikesi, ndipo Januwale wotsatira linkabwera lina lokulirapo n'kugona pamwamba pake. Tsiku lina Bana Mwila anaona amayi akuwayanika padzuwa.

"Amake Naomi, nigulitseniko kamodzi aka, kamuzukulu kanga kalibe chovala."

"Yali na mwine wake," amayi anayankha.

"Mwine wake azavala yonse pamodzi? Imwe mayo, mwana ni monga chimanga, simungamuuze kuti ayembekeze."

Amayi anangopitiriza kukung'untha madiresiwo, ndipo atamaliza anandiuza kuti Bana Mwila amalankhula kwambiri chifukwa alibe chochita.

Chaka chimenecho, ndili ndi zaka khumi, zinthu zinatheka. Mwezi wa Okutobala munthu wina wa lendi anasamuka, ndipo amayi anatenga zipinda zake ziwiri. Anagula bedi kwa kalipentala wa m'mbali mwa msewu, anakalankhula ndi aphunzitsi aakulu za malo, kenako anatumiza uthenga ndi ndalama ya basi ku Katete. Sindinawaonepo amayi akusangalala ngati masiku amenewo. Ankayimba nyimbo za kwaya akukolopa. Bedilo anandiletsa kugonapo, amvekere tidzaliyambe pamodzi ndi mng'ono wanga, choncho ndinkagonabe pamphasa pambali pake.

Amayi aakulu ndi Tionge anafika kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ikwane. Tinakawachingamira kusiteshoni ya mabasi, masana dzuwa likuswa mtengo pakati pa mitambo ya mvula. Basi ya ku Chipata, yodzera ku Katete, itaima, amayi anakankha anthu mpaka pakhomo. Ndinaona maso awo akufufuza m'munsi, cha m'chiuno mwa anthu otsikawo, pamene pamakhala mitu ya tiana. Amayi aakulu anatsika ndi thumba la mtedza pamutu. Kumbuyo kwawo kunali mtsikana wamtali, wojintcha, wa mapewa otambalala, atanyamula nkhuku. Amayi anamulambalala mtsikanayo n'kusuzumira m'basi.

"Nanga Tionge ali kuti, mwamusiya?"

Amayi aakulu anaseka. "Iwe Esinati, si uyu wamudutsayu? Wayiwala mwana wako?"

Mtsikana uja anagwada pansi pomwepo, pa simenti yamafuta, nkhuku ili m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Muli bwanji?" Amayi anamudzutsa n'kumukumbatira, iye ali chiimire, manja ali pa nkhuku yake. Ine ndinaima pafupi naye, ndipo ndinaona kuti ndikumuyang'ana chokweza maso. Mbatata, mtedza ndi maungu a ku Katete zinali zitachita ntchito imene mkute ndi tiyi wa ku Kalingalinga sizinaichite pa ine. Amayi aakulu anandigwira mkono n'kufunsa ngati mu Lusaka chakudya chinaletsedwa.

Kunyumba Tionge anali mwana waulemu kwambiri, ulemu wake wa mlendo. Ankagwada popereka madzi, ankadya pang'ono, sankagwira kanthu osapempha. Akafuna chinthu ankanong'oneza amayi aakulu, ndipo amayi aakuluwo ndiwo iye ankawatchula kuti amama. Amayi ake enieni sankawatchula dzina lililonse, ankangodikira kuti amuyang'ane. Bedi analiona, analisisita, anati ndi lokongola, koma pogona anakagona pamphasa kumsana kwa amayi aakulu. Ine ndinali nditamusungira nkhani za zaka zinayi, koma nditakhala naye pakhomo ndinasowa poyambira. Ndinamufunsa ngati akukumbukira mpopi umene tinkapita limodzi. Anapukusa mutu n'kundifunsa chifukwa chake nyumba za kuno zilibe nkhokwe.

M'mawa wa Khirisimasi, tisanapite kutchalitchi, amayi anatsegula sutikesi. Ndikukhulupirira kuti anali atadziwa kale kuchokera kusiteshoni kuja, koma munthu amafunabe kuona ndi maso. Anatulutsa madiresi a Tionge onse anayi n'kuwayala pabedi, kuyambira kakang'ono mpaka lalikulu. Atatu oyambawo sanawayese n'komwe, anali ngati a chidole pafupi ndi iye. Lachinayi, lachikasu, anamuveka kudzera kumutu. Linakakamira m'mapewa. Tionge anaima manja ali m'mwamba, nkhope itabisika m'nsalu, osadandaula. Amayi anakoka, ulusi unalira, ndipo amayi aakulu anati, "Musiye, ungamupweteke mwana."

Kunja wailesi ya Bana Mwila inkayimba nyimbo za Khirisimasi. Amayi analivula diresilo pang'onopang'ono, kulipinda, kulipindulanso. Kenako anandiyang'ana ine. Ndinali nditavala kale langa labuluu, limene ndinalidikira kuyambira Januwale, ndipo chaka chimenecho linali litandikhala bwino kuposa ena onse.

"Naomi, mupatse iyo m'bale wako. Iwe uvale ya yelo."

"Koma amama, iyi ni yanga."

"Niziba. Vula chabe."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa ndikanalira mokweza n'kupeza mpumulo. Koma mawu awo anali a munthu wopempha, ndipo ndinavula. Diresi langa linamukwana Tionge ngati anachita kumuyeza telala. Ine ndinalowa m'lachikasu lija, londigwira m'khwapa monga linandigwirira ku Kamwala, ndipo tsopano linali litafupikanso. Tsiku limenelo ndinamuda mng'ono wanga ndi mtima wanga wonse, ndipo iye sanalakwe kanthu.

Titachoka kutchalitchi amayi anatiuza kuti tikayende ndi anzathu. Tinayenda awiri, monga ndinkalotera zaka zonse zija, koma pakati pathu pakanatha kudutsa wilibala. Ana aja anandiseka kuti ndavala diresi la mwana wa kukireshi. Tionge atatsegula pakamwa kufunsa njira, anamuseka Chichewa chake cha kumudzi, kumuyeserera mmene amatchulira mawu. Iye anatembenuka n'kuyamba kubwerera, ndipo popeza njira sankaidziwa, ndinamutsogolera. Tili m'njira anandifunsa kuti, "Kodi kwathu tipita liti?" Ndinamuuza kuti kwathu ndi kuno. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Chaka chatsopano chitadutsa, amayi aakulu anayamba kumanga katundu, amvekere kumunda udzu sudikira. Nkhani ya Tionge anaikambira kuseri kwa nyumba, amayi akuchapa, ine ndikuwathirira madzi.

"Mwana ngwako, Esinati, ine sindingakukanize. Ndinangokusungira. Koma wakula, mufunse mwini wake."

Amayi anapukuta manja pachitenje n'kumuitana Tionge. Anamuuza za sukulu, za yunifomu imene adzamugulire, za bedi, za magetsi amene Bana Mwila analonjeza kukokera kuzipinda zathu. Analankhula nthawi yaitali, mofulumira, ngati anyamata a ku Kamwala aja. Tionge anali atagwada, akukanda pansi ndi kamtengo. Amayi atamaliza anamufunsa ngati atsale.

"Ngati amama atsala, inenso nditsala," anatero, maso ali kwa amayi aakulu.

Amayi anati, "Chabwino, mwana wanga," n'kubweza manja m'beseni. Anachapa malaya amodzi omwewo mpaka ndinaopa kuti abooka. Amayi aakulu anayesa kuwatonthoza kuti madzi saiwala khwawa, mwana adzabwera yekha akadzakula. Amayi anangovomera ndi mutu.

Tionge anakwera basi atavala diresi langa labuluu. Anatitsanzika mwaulemu, atagwada. Titabwerera kunyumba amayi anandiuza kuti tsopano ndikhoza kugona pabedi. Linali lalikulu, ndipo ndinkagona m'mphepete. Masiku otsatirawo ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pakhomo monga kale, koma wolankhula naye uja anali atapita. Kamwana koyamwa chala sindikanathanso kukaitana, popeza ndinali nditaona ndi maso anga kuti kulibe. Ndinasungulumwa kwambiri Tionge atabwera n'kupita kuposa zaka zonse zimene anali asanabwere.

Ndinkaganiza kuti chaka chimenecho ku Kamwala sitipita. Koma ndalama ya chilimba itabwera, amayi anavala chitenje cha kutchalitchi n'kundiuza kuti ndisambe. Langa anasankha mwachangu. Kenako anatola lina pamulu, anayamba kuliyerekeza pa ine mwa chizolowezi, n'kuima. Analiika pambali, anatola lokulirapo, analikweza m'mwamba, analiyang'ana nthawi yaitali. Mnyamata wa m'sitolo anafunsa kuti mwanayo ndi wamkulu bwanji.

"Siniziba," amayi anatero.

Analibweza pamulu. Tinalowa m'sitolo ina yogulitsa nsalu, ndipo anagula chitenje chobiriwira, nachonso chotsika mtengo. Tili m'minibasi anachiika pamiyendo n'kunena, osandiyang'ana, kuti, "Chitenge chilibe saizi." Madiresi anayi aja anamupatsa Bana Mwila mlungu womwewo, osalandira kanthu.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mtendere, ndipo ana anga amandiseka chifukwa nanenso ndimagula mu Januwale. Nsapato, zoseweretsa, ngakhale mabisiketi a m'zitini, zonse ndimadikira kuti zitsike. Nzeru imeneyi ndi ya amayi, ndipo ndi yoona: inatilipirira lendi, inandifikitsa kukoleji. Alipo amene akamva nkhaniyi amafulumira kunena kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, koma ine sindilola kuti amayi anga anenedwe choncho. Sanali waulesi. Anali mayi wosauka amene anapeza njira imodzi yopambanira umphawi, ndiyo kudikira, ndipo inawathandiza pa zinthu zambiri mpaka anaikhulupirira pa zonse. Ankafuna kumulandira mwana wawo zonse zili m'malo. Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti mwana wa zaka zinayi sakanafunsa za bedi. Akanagona pansi pafupi ndi makala, mutu uli pamkono wa amayi ake, ndipo akanawadziwa. N'chifukwa chake ana anga akakhala kutali, ngakhale basi ikwere mtengo chotani, ndimakwera tsiku lomwelo.

Tionge anakwatiwa ku Katete komweko, ali ndi ana ake ndi munda wake. Timalankhulana pafoni, timafunsana za mvula ndi za matenda, ndipo timapatsana ulemu wochuluka ngati wa apongozi. Amayi akalamba, amakhala ndi ine. Januwale aliyense amandituma chitenje, ndipo ndimachitumiza pa basi. Chikafika Tionge amayimba foni, osalephera, ndipo ine ndimawagwirira amayi foniyo pakhutu chifukwa manja awo amanjenjemera. Ndimamva mawu ake bwinobwino akuthokoza, ndipo ndimaona amayi akumwetulira ndi kuvomera. Tionge amati, "Zikomo kwambiri, amayi a ku Lusaka."